Ankakhoza masamu, koma chibwerereni zilembo akungothethedwa

"Aphunzitsi, ndili ndi mwana wamkazi wa zaka 13 amene wangoyamba kumene sekondale. Ku pulayimale masamu ankawakhoza kwambiri, matebulo onse ali nawo pamtima mpaka lero. Koma teremu ino akungomuthetha. Ndakopera masamu atatu m'kope lake. Pa 2 + 3 × 4 analemba 20. Pa 10 − 4 + 3 analemba 3, ndipo akuti anatsatira lamulo la BODMAS limene anawaphunzitsa. Pamene anamuuza kuti afupikitse 6x + 2 − 3x, anafika pa 3x + 2, kenako n'kulemba 5x. Samu yoyambayo ndinaiyesa ndekha: calculator ya kunyumba inandipatsa 20, foni inandipatsa 14. Tsono wolondola ndani? Mwanayu wayamba kunena kuti mutu wake si wa masamu. Ndingamuthandize bwanji, poti ine algebra ndinaiwala kalekale?"

Zikomo mayi polemba, makamaka pokopera masamuwo monga momwe mwana anawalembera. Makolo ambiri amangondiuza kuti "mwana sakukhoza", ndiye ndimasowa poyambira. Inu mwandipatsa pogwira. Mtima ukhale m'malo, chifukwa m'masamu atatuwa mulibe pamene mwana wanu waphonya kuwerengera. 2 kuphatikiza 3 ndi 5, ndipo 5 kuchulukitsa ndi 4 ndi 20. 4 ndi 3 ndi 7, ndipo 10 kuchotsa 7 ndi 3. Zonsezi n'zoona. Chamuvuta ndi kuona kuti nambala iti ikuyenda ndi iti. Ndaphunzitsa masamu zaka zoposa 20, ndipo ana amene ndimawapeza m'mbuna imeneyi kawirikawiri ndi omwe aja anali achangu ku pulayimale. Dzanja limathamanga maso asanamalize kuona samu yonse.

Chatsitsa dzaye n'chakuti ku pulayimale mzere umodzi umanyamula ntchito imodzi. Mwana akaona 46 + 27 amaphatikiza, yatha. Pa msinkhu wafika mwana wanuwu, mzere umodzi umanyamula ntchito ziwiri, zitatu, mwina zinayi, ndipo iye akuuwerenga ngati chiganizo cha m'buku, kuyambira kumanzere mpaka kukafika kumapeto. Mzere wa samu suwerengedwa choncho. Munthu umayamba wauyang'ana wonse, n'kuona kuti wagawika pati ndi pati.

Ine ana anga m'kalasi ndimawauza za mitolo. Chizindikiro cha kuchulukitsa ndi cha kugawa ndi zingwe, zimamanga manambala kukhala mtolo umodzi. Pulasi ndi mainasi ndi mipata ya pakati pa mitolo. Ndiye mu 2 + 3 × 4 muli mitolo iwiri yokha: wina ndi 2, wina ndi 3 × 4. Simungasolole 3 mu mtolo wake n'kukamuphatikiza ndi 2 uja. Mumayamba mwadziwa kuti mu mtolo uliwonse muli zingati, kenako n'kuphatikiza: 2 + 12 = 14.

Mwana wochenjera afunsa kuti anakhazikitsa zimenezi ndani, ndipo n'chifukwa chiyani kuchulukitsa kuzipita patsogolo. Musamuyankhe kuti "ndi lamulo basi". Mujambulireni chipinda chimene muli mipando iwiri yapayokha, ndi mizere itatu ya mipando inayi inayi. Aiwerenge. Apeza 14, chifukwa 3 × 4 ndi chidule chabe cha 4 + 4 + 4, ndipo samu yonseyo ndi 2 + 4 + 4 + 4. Kuti 20 akhale wolondola pafunika mizere isanu ya mipando inayi inayi, ndipo samu yake imalembedwa (2 + 3) × 4. Ntchito ya mabulaketi ndi imeneyo, kumanga mtolo pamene panalibe chingwe.

Palinso umboni wina umene ndimaukonda, chifukwa umaonetsa mwana kuti lamuloli wakhala akulitsatira kuyambira kale osadziwa. Nambala ya 347 imatanthauza 3 × 100 + 4 × 10 + 7. Aliyense amaona mitolo itatu pamenepa: 300, 40 ndi 7. Koma mutayamba kumanzere n'kumangopita, mupeza 300, kenako 304, kenako 3040, n'kuthera pa 3047. Kalembedwe ka manambala athu kakanasokonekera pakanapanda mgwirizano woti kuchulukitsa kumamanga mtolo.

Za calculator ndi foni, palibe chimene chawonongeka. Ma calculator ang'onoang'ono wamba amagwira ntchito iliyonse nthawi yomweyo mukangodina batani lotsatira, ndiye mukamadina chizindikiro cha kuchulukitsa amakhala ataphatikiza kale 2 ndi 3. Ma calculator a sayansi, komanso a m'mafoni ambiri, amadikira mzere wonse kaye. Yankho la aphunzitsi ndi la foni yanu, 14, ndilo lolondola. Samu yomweyi muziyesera nayo calculator iliyonse imene mwana akufuna kugwiritsa ntchito. Ikakupatsani 20, dziwani kuti imeneyo ndi yofunika kuipatsa mtolo umodzi umodzi.

Tibwere pa samu yachiwiri, imene yandimvetsa chisoni pang'ono, chifukwa apa mwana wathethedwa atamvera. Mu BODMAS, B ndi wa mabulaketi, O ndi wa timanambala tija timakhala pamwamba ngati mu 3², D ndi wa kugawa, M wa kuchulukitsa, A wa kuphatikiza, S wa kuchotsera. Mwana akaona A ali patsogolo pa S amaganiza kuti kuphatikiza kumayamba nthawi zonse, ndiye mu 10 − 4 + 3 amayamba ndi 4 + 3. Chimene mawuwa amabisa n'chakuti masitepe ndi anayi, osati asanu ndi limodzi. Kugawa ndi kuchulukitsa ali pa sitepe imodzi, palibe wamkulu. Kuphatikiza ndi kuchotsera nawonso ali pa sitepe imodzi. Akakumana a sitepe imodzi, mumayamba ndi amene ali kumanzere. Choncho 10 − 4 + 3 ndi 6 + 3, yankho 9. Ndipo 12 ÷ 3 × 2 ndi 4 × 2, yankho 8. Ku America ana amaloweza PEMDAS, momwe M ali patsogolo pa D, koma mayankho awo ndi athu ndi amodzimodzi. Izi zokha zikuonetsa kuti kutsogola kwa chilembo pa awiriwa sikutanthauza kanthu. Kunena zoona, ine BODMAS sindimukonda kwenikweni. Amathandiza kukumbukira, koma ana amene wawasocheretsa ndawaona ambiri.

Chimene ndimaphunzitsa m'malo mwake n'chakuti chizindikiro ndi cha nambala imene ili kumanja kwake. Mu 10 − 4 + 3, mainasi uja ndi wa 4 yekha, 3 sakumukhudza. Dulani timapepala titatu, mulembepo 10, −4 ndi +3. Muuzeni mwana atisinthanitse mmene angafunire: 10 + 3 − 4, kapena 3 − 4 + 10. Yankho likhala 9 nthawi zonse, malinga ngati nambala iliyonse ikuyenda ndi chizindikiro chake. Timapepalati musatitaye, tigwiranso ntchito pa zilembo.

Akamvetsa zimenezi, mupatseni mzere wautali monga 20 − 6 ÷ 2 + 5 × 3. Asanawerengere chilichonse, adule mzera pansi pa mtolo uliwonse. Apeza itatu: 20, kenako −6 ÷ 2, kenako +5 × 3. Mzere wachiwiri alembe 20 − 3 + 15. Wachitatu, 32. Kudula mizera kumeneku kumaoneka ngati kutaya nthawi, ndipo ana achangu amakana, koma ndi komwe kumaphunzitsa maso kuima kaye.

Mwina munaonapo samu ija inaimika anthu mitu pa intaneti mu 2019, ya 8 ÷ 2(2 + 2), ena akuti 16, ena akuti 1. Mwana akabwera nayo musakangane naye. Samu imeneyo inalembedwa mosasamala. Ena amatenga 2(2 + 2) ngati mtolo womangika kale, ena amayamba kumanzere, ndipo ngakhale ma calculator a sayansi amasiyana mayankho. Wodziwa masamu akafuna kuti amveke amaika mabulaketi ena, kapena amalemba ngati fulakishoni, cha pamwamba n'cha pansi zioneke poyera.

Pali chinthu china chosangalatsa pa yankho la mwana wanu la 3 lija. Ndi yankho lolondola la samu ina, ya 10 − (4 + 3). Apa mabulaketi amanga 4 ndi 3 kukhala mtolo umodzi, ndipo mainasi ndi wa mtolo wonsewo. Mukamasula mabulaketi, aliyense wa m'katimo amalandira mainasi: 10 − 4 − 3. Nanga 10 − (4 − 3)? Mukuchotsa 1 yekha, ndiye yankho ndi 9. Mukamasula mabulaketi zimakhala 10 − 4 + 3, samu yomwe ija anamuthetha. Ana amadabwa kuti 3 wasanduka bwanji wa pulasi. Ndimawauza kuti mukachotsa 4 yense mwachotsa mopyola, chifukwa munayenera kuchotsa 4 wochepetsedwa ndi 3, ndiye 3 ameneyo muyenera kumubweza. Mainasi wa kutsogolo kwa mabulaketi ndi amene amadya malikisi ambiri pa msinkhu umenewu, ndipo amapitiriza kudya mpaka kumapeto kwa sekondale ngati sanagwidwe msanga.

Simunatchule za manambala a pansi pa ziro, koma akubwera, mwina afika kale. Katswiri wina wa ku India, Brahmagupta, analemba malamulo ake m'chaka cha 628, ndipo ankawafotokoza ngati chuma ndi ngongole. Fanizo limenelo likugwirabe ntchito. Amene ali ndi ngongole ya 3 akakongolanso 5, ngongole yafika 8, ndiye −3 − 5 = −8. Ndikutchula samu imeneyi dala, chifukwa ana amaloweza kuti "mamainasi awiri amapanga pulasi" n'kumalemba 8. Mawu amenewo ndi oona pochulukitsa ndi pogawa, komanso pamene mamainasi awiri agundizana ngati mu 7 − (−2), amene ndi 9. Pa −3 − 5 sagwira. Mwana akafunsa chifukwa chake −3 × −5 ndi 15, mulembereni mndandanda uwu: 3 × −5 ndi −15, 2 × −5 ndi −10, 1 × −5 ndi −5, 0 × −5 ndi 0. Mufunseni kuti mayankhowa akuyenda bwanji. Aona kuti akukwera ndi 5 nthawi iliyonse, ndiye wotsatira, −1 × −5, sangachitire mwina koma kukhala 5. Akadzipezera yekha chotere saiwala.

Tsopano zilembo, pamene pagona nkhani ya samu yachitatu. Choyamba muuzeni kuti gawo lovuta analikhoza. Anaona kuti 6x ndi −3x ndi a mtundu umodzi, ndipo anayendetsa mainasi pamodzi ndi 3x wake. Pa 3x + 2 anali atafika. Anangolephera kuima.

Chilembo x ndi nambala imene sitinauzidwe, kapena imene ingathe kusintha. 3x ndi 3 × x, mtolo womangidwa ndi chingwe chosaoneka. Chingwecho anachibisa pa chifukwa chomveka. Chizindikiro cha × chinatchuka ndi buku la katswiri wa masamu William Oughtred la 1631, ndipo mu 1637 René Descartes anayamba kugwiritsa ntchito x, y ndi z poimira manambala osadziwika. Ziwirizi zimafanana kwambiri, moti katswiri wina, Leibniz, anadandaula m'kalata ya 1698 kuti × amasokonezeka ndi x. Ndiye mu algebra chizindikirocho timangochisiya. Vuto lake n'lakuti mwana anazolowera kuti manambala akagundizana, ngati 3 ndi 4 mu 34, ndiye kuti ndi nambala imodzi. Mufunseni kuti 3x ndi zingati ngati x ndi 4. Akanena 34 m'malo mwa 12, mwapeza pamene pakudontha.

Chifukwa chimene 3x + 2 sangakhalire 5x mwana wanu akuchidziwa kale. Mufunseni kuti mateni atatu ndi mawani awiri ndi zingati. Anena 32. Sanganene kuti ndi mateni asanu. 3x + 2 ndi chimodzimodzi: ma x atatu ndi mawani awiri, mitolo iwiri yosiyana mitundu. Pomwe 3x + 4x ndi 7x, monga mateni atatu ndi mateni anayi ali mateni asanu ndi awiri. Kufupikitsa konse ndi kumeneku, kusonkhanitsa mitolo ya mtundu umodzi n'kusiya yosiyanayo payokha.

Aphunzitsi ena amafotokoza kuti mu 3b + 2p, b ndi mabuku, p ndi mapensulo, ndiye sizingaphatikizidwe. Nanenso ndinaphunzitsapo choncho zaka zanga zoyamba, ndipo ndinasiya. Fanizoli limathandiza sabata imodzi, kenako limabweza moto. Mwana amayamba kuganiza kuti chilembo ndi chidule cha dzina la chinthu, osati nambala, ndiye tsiku limene akumana ndi b × p amasowa chonena, poti buku kuchulukitsa ndi pensulo n'chiyani? Fanizo la mateni ndi mawani silikhala ndi vuto limeneli chifukwa teni ndi nambala.

Komabe n'chifukwa chiyani mwana woti wafika pa yankho amapitirira? Zaka zonse za ku pulayimale yankho linali nambala imodzi. Kwa iye 3x + 2 akuoneka ngati samu yosatha, poti pulasi akadali pomwepo ngati akumuuza kuti "phatikiza". Zimenezi zimayenderana ndi momwe ana ambiri amamvera chizindikiro cha =. Amachitenga ngati belu lonena kuti yankho likubwera. Robert Recorde, amene anachiyambitsa mu 1557, anasankha mizera iwiri yofanana kutalika chifukwa ankaona kuti palibe zinthu ziwiri zofanana kuposa imeneyo. Tanthauzo lake ndi lakuti cha kumanzere ndi cha kumanja n'zolingana, ngati sikelo imene yaima pakatikati. Muyeseni mwana ndi samu iyi: 8 + 4 = □ + 5. Mu kabokosimo muyenera kulowa 7. Akalemba 12, kapena 17, ndiye kuti = akumuwerenga ngati belu, ndipo ndi bwino kukhalapo masiku angapo pa masamu a mtundu umenewu musanapitirire. Muzimulemberanso masamu chobwerera, monga 14 = 2 + 12, kuti azolowere kuona pulasi kumanja popanda kuyabwidwa m'manja.

Pali chida chimodzi chimene ndikufuna mwana wanu akhale nacho kuposa zonse ndalembazi, ndipo inu mukhoza kumupatsa ngakhale algebra munaiwala. Kufupikitsa sikusintha kuchuluka kwa chinthu, kumangosintha kalembedwe. Ndiye akamaliza, asankhe nambala, aiike m'malo mwa x mu funso ndi mu yankho lake, aone ngati zikufanana. Titenge x kukhala 10. Funso lija, 6x + 2 − 3x, likupereka 60 + 2 − 30, amene ndi 32. 3x + 2 akupereka 32. 5x akupereka 50. Apa sipafunikanso mphunzitsi, wadzichonga yekha. Chenjezo lake ndi ili: asamayesere ndi 1. Mukaika 1, 3x + 2 ndi 5, ndipo 5x ndi 5, bodza n'kuoneka ngati zoona. Ziro nayenso amabisa zolakwika zambiri, ndipo 2 amanamiza pa x² ndi 2x, poti zonse zimapereka 4. Ine ndimakonda 10 chifukwa savuta kuchulukitsa, kapena 7 ngati ndikufuna kutsimikiza.

Zolakwika zina zimene zili m'njira ndingozitchula mwachidule, kuti mukaziona musadzidzimuke. 5x − x ndi 4x, osati 5, chifukwa x ali yekha ndi x mmodzi. x + x ndi 2x, koma x × x ndi x². Ndipo −3² ndi −9, poti sikweya, ka 2 ka pamwamba kaja, ndi wa 3 yekha, pomwe (−3)² ndi 9. Apa ngakhale makina amasiyana: mukalemba =-3^2 mu pulogalamu ya pakompyuta ya Excel mupeza 9.

Chimene chikufunika kuchedwapo ndi nambala ya kunja kwa mabulaketi. Ana ambiri amalemba kuti 3(x + 4) ndi 3x + 4, ngati 3 uja wapatsa moni woyamba yekha n'kudutsa. Yankho ndi 3x + 12. Apanso mwana wanu akudziwa kale. Mufunseni 7 × 23 pamtima. Ana ambiri amati 7 × 20 ndi 140, 7 × 3 ndi 21, zonse pamodzi 161. Ameneyo ndi 7(20 + 3), ndipo 7 wafika kwa onse awiri. Palibe mwana amene anganene kuti ndi 140 + 3. Kugawanso n'chimodzimodzi. (6 + 4) ÷ 2 ndi 5, osati 3 + 4, ndiye pogawa x + 6 ndi 2 simungagawe 6 yekha n'kusiya x.

Nayi samu imene yasonkhanitsa zonsezi: 5(x + 2) − 2(x − 3). Mitolo ndi iwiri, ndipo wachiwiriwo ukutsogozedwa ndi −2, osati 2. Kumasula woyamba kukupereka 5x + 10. Kumasula wachiwiri, −2 × x ndi −2x, ndipo −2 × −3 ndi +6. Mzere wonse tsopano ndi 5x + 10 − 2x + 6. Apa tibwerere ku timapepala tija: 5x, +10, −2x, +6. Kuika a mtundu umodzi pamodzi, tipeza 3x + 16. Poyesa ndi 10, funso likupereka 5 × 12 − 2 × 7, amene ndi 60 − 14, kapena kuti 46. Yankho likupereka 30 + 16, yemwenso ndi 46. Mwana akanalemba −6 m'malo mwa +6, monga ambiri amachitira, akanapeza 34 n'kudziwa kuti penapake paterereka.

Mwafunsa kuti mungathandize bwanji pomwe inu munaiwala. Kuiwala kwanuko kungakhale mwayi. Mukhale wophunzira, iye akhale mphunzitsi. Mphindi 15 pa tsiku n'zokwanira, masamu atatu kapena anayi, osati tsamba lonse. Funso lanu likhale limodzi: "Tandiuza, apa wachita bwanji?" Muzimufunsa ngakhale pamene wakhoza, kuti asamaone ngati funsolo ndi chizindikiro chakuti walakwa. Azinena samu ndi mawu asanailembe, mwachitsanzo "ndatenga nambala ina, ndaichulukitsa ndi 3, kenako ndawonjezera 2". Zimenezi si zachibwana. Katswiri wa masamu Al-Khwarizmi, amene analemba buku lake ku Baghdad cha m'ma 820, ndipo mawu akuti algebra anachokera ku al-jabr wa m'dzina la bukulo, masamu ake onse ankawalemba ndi mawu okhaokha. Pulasi ndi mainasi anayamba kuoneka m'buku losindikizidwa mu 1489, patapita zaka zoposa 600. Zizindikiro zimene mwana wanu akulimbana nazo teremu imodzi zinatengera akatswiri mibadwo yambiri kuti azizolowere.

Mulimbikire kuti azilemba sitepe imodzi pa mzere umodzi, = aliyense pansi pa mnzake. Ana ozolowera kuwerengera pamtima amaona ngati kulemba masitepe n'kuvomera kuti ndi ofooka, koma kuthamanga sikufika, ndipo pa mayeso njira nayonso imapatsidwa malikisi. Akalakwa asafufute. Azungulize pamene palakwikapo, alembe pambali kuti chinachitika n'chiyani. Pakatha masabata awiri mudzaona kuti zolakwika zake si zambirimbiri ayi, ndi ziwiri kapena zitatu zomwezomwezo zimene zikungobwerera.

Pali zingapo zoti mupewe. Musamuuze kuti "nanenso masamu ankandivuta", ngakhale mukufuna kumutonthoza, chifukwa mwana amamva ngati ndi za kumtundu, n'kugwa ulesi. Samalani ndi mapulogalamu a pafoni amene amajambula samu n'kupereka yankho. Pochonga ntchito yomalizidwa kale ndi abwino, koma akayamba kuwafunsa asanayese yekha, kope lidzadzaza zokhoza pomwe mutu mulibe kanthu. Mukaganiza zomupezera mphunzitsi wapadera, khalani nawo tsiku limodzi mumvetsere. Ngati akungomuloweza timalamulo popanda kumufunsa chifukwa chake, mwana adzakhoza mayeso a sabata imeneyo, koma timalamuloto tikachuluka timayamba kusakanikirana, monga taonera ndi "mamainasi awiri" aja.

Aphunzitsi ake kaonaneni nawo msanga, musadikire kutha kwa teremu. Mutenge kope, muwaonetse masamu atatu omwewa, muwafunse ngati m'kalasi akuonanso zomwezi ndi mutu umene ukubwera kutsogolo. Mutu wa ma equation, masamu ofufuza nambala imene chilembo chikuimira, umakhazikika pa kufupikitsa, ndiye ndi bwino mpatawu utsekedwe asanafikeko. Ngati mwayesa mwakhama mwezi umodzi kapena masabata asanu ndi limodzi koma palibe kusintha, pamenepo m'pofunika munthu wokhala naye payekha kuti afufuze ngati pali china cha m'mbuyo chimene chinamudutsa, makamaka mafulakishoni. Mukaona kuti amakopera molakwika za pa bolodi, kusiya mamainasi kapena timanambala ta pamwamba tija, kamuyezetseni maso, chifukwa zizindikiro zimenezi n'zazing'ono. Pali ana ena amene amavutika ndi manambala enieniwo, osatha kuona msanga kuti wamkulu ndi uti pakati pa awiri, owerenga zala ngakhale pa 4 + 3. Vuto limenelo limatchedwa dyscalculia ndipo limafuna katswiri wa ana ovutika kuphunzira, koma mwana woti ankakhoza ku pulayimale ndipo matebulo ali nawo pamtima sindikumuganizira zimenezo. Chimene ndingakupempheni kuti muchiyang'anitsitse ndi mantha. Akayamba kulira pa homuweki, kudwala m'mimba tsiku la masamu, kapena kubisa kope, musazitenge ngati ulesi. Siyani kaye masamuwo, mucheze naye, ndipo aphunzitsi ake adziwe.

Madzulo ano muyambe ndi atatu awa, ndipo adule mizera pansi pa mitolo asanawerengere: 18 − 2 × 5 + 1, kenako 9 − (5 − 2), kenako 4x + 7 − x. Mayankho ndi 9, 6, ndi 3x + 7. Pa yachitatuyo dzanja likayamba kuyabwa kuti alembe 10x, musamuletse. Mungomuuza kuti ayese ndi 10.